Makina, mfuti kapena khomo lachiwiri: tiyambire pati poteteza makhoti athu?

Chaka chatha ndinaperekeza mlamu wanga kukhoti la majisitireti pa boma lina, komwe anamuitana kuti akachitire umboni pa mlandu wakuba mbuzi ndi kuvulaza munthu. Tinafika cha m'ma 8 koloko m'mawa. Pageti panalibe wotifunsa kanthu, ngakhale chikwama chimene ndinakolekera paphewa palibe anachiyang'ana. Tinakhala pabenchi ya pakhonde, ndipo posakhalitsa tinazindikira kuti amayi awiri amene tinayandikana nawo anali mayi ake ndi mchemwali wake wa woganiziridwa uja. Sanatitukwane. Anangomuyang'anitsitsa mlamu wangayo, kenaka wamkuluyo anati, "Nanunso mwabwera, bambo? Chabwino, kumudzi n'kumodzi." Galimoto ya apolisi itafika, oganiziridwa anatsika awiriawiri, unyolo umodzi wagwira dzanja la uyu ndi la uyo, nadutsa pakati pathu penipeni mpaka kukhudzana mapewa. Nthawi yake itakwana, mlamu wanga, munthu amene pamaliro ndi pabwalo la amfumu amalankhula osadodoma, anaima pamalo a mboni mawu atamuthawa.

Palibe anavulala tsiku limenelo, ndipo m'buku la alonda muyenera kuti munalembedwa kuti zonse zinayenda bwino. Koma ine ndinabwerera ndikudziwa kuti khoti lija silinamuteteze munthu amene linamuitana lokha. Kuchokera pamenepo ndakhala ndikusinkhasinkha za njira zimene anthu amatchula akamakamba za chitetezo cha m'makhoti, ndi funso loti kandalama kakapezeka kochepa, monga mmene zimakhalira kwathu kuno, kayambe kupita kuti.

Vuto la khoti ndi lakuti silingatsekedwe ngati banki kapena nyumba ya boma. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu woimbidwa mlandu aweruzidwe poyera, anthu akuona. Choncho chitseko chiyenera kukhala chotsegula, pomwe amene akulowa ndi anthu okhala ndi mkwiyo, mantha ndi chisoni: olandana malo, osudzulana, ofedwa, ndi amene akudziwa kuti lero akagona kundende. Njira iliyonse tiiyese ndi mafunso atatu. Ikuteteza ndani? Idzakhala ikugwirabe ntchito pakatha zaka ziwiri? Nanga agogo ochokera kumudzi, osadziwa kuwerenga, adzalimba mtima kulowa?

Kusecha pageti

Njira imene ambiri amayamba kuiganizira ndi makina opimira zitsulo, aja munthu amadutsa pakati n'kulira ngati ali ndi mpeni kapena mfuti. Phindu lake si lokayikitsa. Pa 1 July 2009, mu khoti la mumzinda wa Dresden ku Germany, mayi wina wa ku Egypt, Marwa El-Sherbini, anabayidwa mpaka kufa atangomaliza kupereka umboni. Womubayayo anali munthu yemwe ankaimbidwa mlanduyo, ndipo mpeni analowa nawo m'chikwama chifukwa pakhomo panalibe kusecha kulikonse. Munthu mmodzi wotsegula zikwama akanapulumutsa moyo umenewo.

Koma kusecha kuli mitundu iwiri, ndipo mitengo yake ndi yotalikirana kwambiri. Makina oima ngati chitseko, pamodzi ndi aja ounika m'zikwama monga a pabwalo la ndege, amafuna magetsi osadukiza, katswiri wowakonza, ndi zipangizo zoitanitsa kunja ndi ndalama zakunja zomwe ndi zosowa kale. Tonse tinalowapo m'maofesi momwe makina oterewa aima ngati chokongoletsa, waya atazulidwa kalekale, anthu akungodutsa m'mbali. Makina akufa ndi oipa kuposa kusakhala nawo, chifukwa amagonetsa tulo aliyense kuti zinthu zili m'malo. Kachipangizo kogwira pamanja, kaja mlonda amakuyendetsa m'thupi, kamayendera batire, n'kotsika mtengo, ndipo kakawonongeka kugula kena si nkhani yodikira bajeti ya chaka chamawa. Ku High Court ya ku Blantyre, Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu, komwe kumalowa anthu ambirimbiri patsiku, makina aakulu ali ndi malo ake bola pakhale jenereta kapena sola ndi mgwirizano wolembedwa wa owakonza. Pakhoti laling'ono la pa boma, tizipangizo tiwiri ta pamanja, tebulo lotsegulirapo zikwama, mlonda wamwamuna ndi wamkazi, zakwana. Wamkaziyo asaiwalike. Mayi sangalole kusechedwa ndi mwamuna pagulu, ndipo akakakamizidwa kamodzi sadzabweranso ngakhale ali ndi umboni wofunika.

Chinthu china chimene chimapha njirayi ndi ulemu wathu womwewu. Timachita manyazi kuimitsa bwana wovala suti, loya wonyamula mkanjo wake, kapena wapolisi wa yunifolomu. Ku Delhi, m'dziko la India, pa 24 September 2021, anthu awiri analowa m'khoti la Rohini atavala ngati maloya ndipo anawombera woganiziridwa wina, Jitender Gogi, m'kati mwa chipinda choweruziramo. Chovala ndicho chinawatsegulira njira. Kusecha kumene kumasankha nkhope kumangovutitsa osauka, oopsa enieni n'kudutsa.

Ndipo kusecha kulikonse kumayamba ndi mpanda. Ngati khoti lili pamtetete, njira zachidule za anthu opita kumsika zikudutsa pabwalo pake, geti lokhala ndi makina ndi lachabe.

Kuwonjezera apolisi a mfuti

Iyi ndi njira imene imaoneka yamphamvu m'maso, ndipo pa milandu ina palibe ingalowe m'malo mwake. Amalawi tinaziona pa mlandu wa zisankho za pulezidenti za 2019, umene Saulos Chilima ndi Lazarus Chakwera anakasuma. Dziko linali litatentha ndi zionetsero, ndipo oweruza asanu aja, Healey Potani, Ivy Kamanga, Dingiswayo Madise, Redson Kapindu ndi Mike Tembo, ankaperekezedwa ndi asilikali a Malawi Defence Force mpaka tsiku la chigamulo, pa 3 February 2020 ku Lilongwe. Popanda chitetezo chotero sindikhulupirira kuti mlandu uja ukanayenda mpaka kumapeto mwabata. Koma pamlandu womwewo panachitika chinthu china chimene anthu sachiwerengera ngati chitetezo, chikhalirecho chinathandiza kwambiri: wayilesi zinkaulutsa zonse mwachindunji, womasulira akutembenuzira m'Chichewa. Anthu miyandamiyanda amene akanakhamukira kukhoti ankamvetsera ali pamsika, m'minibasi ndi pakhonde la nyumba zawo. Mlandu unakhalabe wapoyera popanda chikhamu kudzaza pageti, ndipo mphekesera zinasowa pomera chifukwa aliyense ankadzimvera yekha.

Milandu yotere imabwera mwa apo ndi apo. Pa tsiku wamba, mfuti yochuluka m'khoti imabweretsa ngozi yakeyake. Pa 13 June 2024, ku khoti la Makadara mumzinda wa Nairobi, majisitireti Monica Kivuti anawomberedwa ali pantchito ndipo anamwalira kuchipatala pambuyo pake. Wowombera sanali chigawenga chochokera kutchire. Anali wapolisi waudindo, amene anakwiya kuti majisitiretiyo wathetsa belo ya mkazi wake. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka: munthu wa yunifolomu ndiye amene palibe amaganiza zomufunsa kuti wabwera ndi ntchito yanji. Phunziro lake ndi lotsika mtengo zedi. Pageti pakhale kabati yachitsulo yokiyidwa ndi buku lolembamo, ndipo wapolisi kapena msilikali aliyense amene wabwera ngati mboni, wodandaula kapena wachibale asiye mfuti yake pamenepo. Onyamula mfuti m'kati akhale okhawo amene apatsidwa ntchito yolondera khotilo tsiku limenelo, ndipo mayina awo adziwike kwa mkulu wa khoti.

Pali kusiyananso pakati pa apolisi ndi alonda a kampani. Alonda a kampani ndi otsika mtengo ndipo amakhala pamalo tsiku lonse, koma alibe mphamvu zonse zimene wapolisi ali nazo, malipiro awo ndi ochepa, ndipo amasinthidwasinthidwa kotero kuti sadziwa nkhope za pamalopo. Apolisi ali ndi mphamvu, koma ndi omwewo amene akufunika kumsewu, kumaliro a akuluakulu ndi kumisonkhano, choncho tsiku lina mupeza atengedwa onse. Amene ine ndimawadalira kwambiri ndi antchito a khoti lenilenilo, amesenjala ndi akalaliki, amene amadziwa kuti mlandu wa malo wa mawa ndi wa mabanja awiri amene anatemana kale ndi zikwanje. Anthu amenewa akaphunzitsidwa kuona zizindikiro za mkwiyo, kuziziritsa mitima ndi kudziwa woitana zinthu zikavuta, amaletsa ndewu isanayambe. Mphindi khumi m'mawa uliwonse, kalaliki, woimira boma pa milandu ndi mkulu wa alonda atakhala pansi n'kuona mndandanda wa milandu ya tsikulo, sizifuna tambala iliyonse.

Makamera

Pa makamera a CCTV sinditaya nthawi yambiri. Amathandiza kupeza wolakwa zinthu zitachitika, amaopseza wofuna kulowa m'chipinda cha mafayilo usiku, ndipo amateteza woganiziridwa kuti asamenyedwe m'chitokosi. Koma kamera siigwira dzanja la munthu. Ku Atlanta, m'dziko la America, pa 11 March 2005, Brian Nichols anamenya msilikali wamkazi amene ankamuperekeza ali yekha, natenga mfuti yake, n'kukapha woweruza Rowland Barnes ndi mayi wolemba zokambidwa m'khoti, kenaka msilikali wina panja. Kamera inajambula kumenyedwa kwa msilikali uja, koma panthawiyo palibe anaziona pa sikirini. Ngati dziko lolemera chotero linagwa pamenepa, ife tisadzinamize kuti kupachika makamera khumi ndi awiri ndiye kuti tamaliza. Ochepa, oloza pageti, kuchitokosi ndi kuchipinda cha mafayilo, okhala ndi batire losunga moto magetsi akazima ndi munthu wowayang'anira, aposa ambiri opanda mwini. Ndipo nkhani ya ku Atlanta ikunenanso china chachikulu kuposa kamera: woganiziridwa pa mlandu waukulu asaperekezedwe ndi munthu mmodzi.

Kulekanitsa njira

Apa ndiye pali mtima wanga, ndipo ndikanakhala ndi mphamvu pa ndalama za nthambi ya zamakhoti ndikanayambira pano. Nyumba ya khoti yomangidwa bwino imakhala ndi njira zitatu zosakumana: ya anthu wamba, ya oganiziridwa ochokera kupolisi kapena kundende, ndi ya woweruza. Atatuwa amaonana m'chipinda choweruziramo basi, pomwe aliyense ali ndi malo ake ndipo maso onse ali pamenepo. Ngozi zambiri sizichitikira m'chipindamo. Zimachitikira pakhonde, poimika magalimoto, panjira yopita kuchimbudzi, pamene wogamulidwa kuti ndi wolakwa akutuluka ndipo abale a mbali zonse ziwiri aunjikana pakhomo limodzi.

Wina anena kuti zimenezi n'zofuna kumanga nyumba zatsopano, ndipo ndalama zake kulibe. Zoonadi makhoti athu ambiri ndi nyumba zakale, zina sizinamangidwe n'cholinga chokhala khoti. Komabe taganizirani zimene mmisiri wa pamalopo angachite ndi njerwa, matumba angapo a simenti ndi zitsulo zowotcherera. Kuboola khomo kuseri kuti majisitireti azilowera ndi kutulukira kumeneko. Kumanga kampanda kuti galimoto ya akaidi izilowa n'kutsekeredwa anthu asanatsike. Kuika chotchinga chofika m'chiuno pakati pa mabenchi a anthu ndi kutsogolo. Kukhomerera mabenchi pansi kuti asasanduke zida. Zonsezi sizidya magetsi, sizifuna katswiri wochokera kunja, ndipo khomo likaboledwa lero lidzakhalapobe zaka makumi awiri zikubwerazi.

Ndipo koposa zonse, kachipinda ka mboni. Ngakhale kamodzi, kokhala ndi benchi, chitseko chotsekeka ndi ndowa ya madzi akumwa. Ganizirani mtsikana wa zaka 13 pa mlandu wogwiriridwa, wodutsa kale ku Victim Support Unit ya apolisi ndi kuchipatala, amene tsopano akudikira maola anayi pakhonde limodzi ndi amalume ake a munthu amene anamuchita chipongwe. Malamulo athu amalola kuti pa milandu yotere khoti litulutse anthu, kapena mboni ilankhule itatchingidwa kuti isaonane maso ndi maso ndi woganiziridwa, ndipo lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 linakhazikitsa makhoti a ana kuti mwana asazengedwe ngati wamkulu. Koma chitetezo chonsecho chimasungunuka ngati mwanayo waopsezedwa kale panja asanalowe. Chotchinga cha m'khoti chingakhale nsalu yokhuthala pa felemu yamatabwa, kalipentala aliyense angapange. Mlandu umene mboni yathawa kapena yasintha mawu ndi mlandu wakufa, ndipo anthu akaona olakwa akumasulidwa chifukwa chosowa umboni ndi pamene amayamba kulanga okha akuba ndi moto ndi miyala. Kachipinda kameneka kakuteteza zambiri kuposa munthu wokhala m'katimo.

Kuipa kwa njirayi n'kwakuti siioneka. Palibe nduna imabwera kudzadula riboni pa khomo lakuseri, ndipo opereka thandizo amakonda chinthu chowala chimene angachijambule. Pamakhoti ena malo ndi opanikizika moti njira zitatu sizingatheke. Pamenepo lekanitsani ndi nthawi: oganiziridwa afike anthu asanaloledwe kulowa, ndipo chigamulo chikaperekedwa mbali imodzi ituluke kaye, inayo idikire mphindi khumi ndi zisanu.

Kusawabweretsa n'komwe

Njira ina ndi kuchepetsa maulendo a akaidi. Ulendo uliwonse wochokera ku Maula, Chichiri kapena Zomba kupita kukhoti ndi mpata wothawa, wopatsirana zinthu zoletsedwa, komanso ndi mafuta amene nthawi zambiri palibe. Ambiri mwa maulendowa ndi a mphindi zisanu zokha pamaso pa woweruza, kungomva kuti mlandu wasunthidwira tsiku lina. Kwathu kuno tili kale ndi yankho lathulathu, makhoti okhalira kundende komweko amene amawatcha camp court, momwe majisitireti amapita kukaona nkhani za anthu a pa rimandi, mothandizana ndi mabungwe monga Paralegal Advisory Service Institute. Kunyamula majisitireti, kalaliki ndi woimira boma n'kosavuta kuposa kunyamula akaidi makumi atatu, ndipo woweruza amadzionera ndi maso ake kuthithikana kumene High Court inakudzudzula pa mlandu wa Gable Masangano mu 2009.

Kulumikizana pa vidiyo, kumene kunafala m'mayiko ambiri nthawi ya Covid-19, kumagwira ntchito yofananayo. Kumayenera pa zinthu zing'onozing'ono monga kusuntha tsiku kapena kumva pempho la belo, bola netiweki ndi magetsi zilipo mbali zonse ziwiri. Pa kuzenga mlandu weniweni ndili ndi nkhawa nako. Munthu amene ali kundende, msilikali ataima pambali pake kunja kwa kamera, sanganene momasuka kuti anamenyedwa, ndipo sangathe kunong'onezana ndi loya wake. Lamulo loti womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48 linaikidwa kuti woweruza amuone munthuyo ndi thupi lake lomwe, aone ngati akutsimphina kapena watupa nkhope. Chitetezo cha nyumba chisagulidwe ndi chitetezo cha munthu amene ali m'manja mwa boma.

Moto, chiswe ndi mafayilo

Tikamati chitetezo timaganiza za mfuti, koma mdani wina wa khoti amagwira ntchito mwakachetechete. Fayilo ikasowa, munthu angakhale kundende zaka popanda wodziwa pomwe mlandu wake unaima. Izi zinaonekera poyera pamene makhoti anayamba kumvanso zilango za akaidi amene anagamulidwa kuti aphedwe, kutsatira chigamulo cha mlandu wa Kafantayeni cha 2007 chimene chinathetsa lamulo loti aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha aphedwe basi. Mafayilo a ambiri mwa iwo anali atasowa, ena atatsala zidutswa.

Pano njira ndi ziwiri ndipo sizilimbana. Yoyamba ndi yachikale: mashelefu achitsulo otalikira pansi kuti madzi ndi chiswe zisafike, denga losadontha, chitseko cholimba chokhala ndi kiyi kwa munthu mmodzi wodziwika, buku losainira fayilo iliyonse yotuluka, ndi zozimitsira moto zimene deti lake silinapitirire. Katundu wa umboni, monga chamba, ndalama, zikwanje ndi mfuti zolandidwa, akhale m'chipinda chakechake, osati pansi pa tebulo la kalaliki. Yachiwiri ndi kujambula mapepala onse n'kuwasunga mu kompyuta, kope lina likusungidwa kutali ndi khotilo. Imeneyi ndi yodula poyamba ndipo imafuna anthu ophunzitsidwa, koma imachotsa phindu lobisa fayilo, chifukwa wobayo amadziwa kuti ina ilipo. Yoyambayo ingachitike mwezi uno. Yachiwiriyo iyambire pa milandu ikuluikulu, yakupha ndi yakatangale, ina izitsatira.

Pa moto womwewo, zitsulo zotchinga mawindo ndi maloko a pazitseko zimene zimaletsa akuba ndi zomwenso zingatsekereze anthu m'kati. Pakhale yankho lodziwika la funso ili: moto utabuka masana ano, ndani ali ndi kiyi wa chitokosi, ndipo anthu omangidwa unyolo atulukira kuti? Ngati yankho lake ndi "amene ali ndi kiyi wapita kukadya", khotilo lili pangozi ngakhale litazunguliridwa ndi asilikali.

Ndikanakhala wosankha

Pa khoti laling'ono ndikanatsata ndondomeko iyi. Choyamba zaulere: kukumana kwa m'mawa kuona milandu yovuta, lamulo losiya mfuti pageti, ndi kutulutsa mbali ziwiri nthawi zosiyana. Kenaka za njerwa ndi matabwa: mpanda wa geti limodzi, khomo lakuseri, kachipinda ka mboni, mashelefu ndi zozimitsira moto. Pambuyo pake tizipangizo tosechera ta pamanja ndi maphunziro a alonda, kuphatikizapo kalankhulidwe, kuti agogo aja akafika pageti amve "Takulandirani, agogo, tione nawo m'kathumbamo" m'malo mokalipiridwa. Makamera ndi makina aakulu abwere kumapeto, ndipo asagulidwe pokhapokha ndalama yowakonzera ya zaka zingapo italembedwa kale mu bajeti. Pa makhoti aakulu a m'mizinda makina angabwere msanga chifukwa cha kuchuluka kwa anthu, ndipo pa milandu yotentha ya ndale pakhale dongosolo lapadera la asilikali ndi kuulutsa pawayilesi monga zinachitikira mu 2019 ndi 2020.

Mlandu wa mlamu wanga unasunthidwa kawiri. Ulendo wachitatu anakana kupita yekha, ndipo tinachita kupita anthu anayi. Tinamudikiritsa m'kagolosale ka tsidya lina la msewu, mmodzi wa ife ataima pakhomo la khoti kumvetsera dzina lake, ndipo litaitanidwa anamukodola ndi dzanja kuti awoloke.